Seveni ndi Fifite

Ndinanyamuka ndi ndalama za chipereganyu m'sokosi,
maso ali psuu ndi tulo tangongole,
mpaka pabenchi ya Che Twaibu, kuseri kwa depoti ya Salima,
pomwe amagulitsa mawailesi osalankhula,
maloko opanda makiyi,
ndi magalasi oonera patali, mitundu itatu,
ogona pachiguduli ngati ana a mphaka.

"Mukufuna kuonera mbalame, achimwene, kapena akazi a eni?"
Ndinati nyenyezi.
Anaseka mpaka kutsamwa ndi chinangwa.

Oyamba anali chimphona, olembedwa twente,
olemera ngati njerwa ziwiri zonyowa.
"Awa ndiye eniake. Muona ndi nsabwe za pamwezi zomwe."
Ndinalozetsa pansanja ya netiweki.
Khwangwala anabweradi pamphuno panga,
koma akuvina, akudumpha, akuthawira m'mphepete.
Sanali khwangwala wovinayo.
Unali mtima wanga ukugunda m'zigongono,
ndi manja awa
amene amataya tiyi kapu isanafike pakamwa.
Chokuza zakutali
chimakuzanso kunjenjemera kwa mwini wake.

Achiwiri anali tokongola, tolowa m'thumba la shati,
timaso ngati mabatani.
Masana n'tabwino.
Koma usiku kuwala kumagwa ngati mvula yowaza,
ndipo wotchera kapu sangalingane ndi wotchera beseni.
Kuwonjeza apo, nsanja ija inasanduka ziwiri,
ngati ndalawirira kwa amayi a kachasu.
Ndinabweza.

Achitatu palibe amene anawayamikira.
Mphira wosupuka,
chingwe cha nsapato m'malo mwa lamba,
manambala ofufutika: seveni ndi fifite.
Ndinawatembenuza, n'kusuzumira kukamwa kwake kotakata
monga timachitira pogula mbuzi.
Mulibe nguwi, mulibe mng'alu, kafumbi chabe.
Nditaika m'maso,
khwangwala anakhala phee,
wocheperapo, inde, koma mmodzi,
kolala yake ili mbee ngati ya abusa.

Tinanenerera mpaka mthunzi unatithawa.
Che Twaibu anandisiyira ya kabaza yokha.

Tsopano ndi fili koloko ya usiku
pachigayo cha mpunga pomwe ndimalonda.
Magetsi azima. Ena akutukwana m'tulo,
ine ndikuti zikomo.
Ndagona chagada pamatumba a mankhusu,
zigongono ndazitsamiritsa pachifuwa,
mpweya ndaugwira.

Nsangwe,
zimene chibadwire ndimaziwerenga zisanu ndi imodzi,
zaswana.
Ndafika makumi atatu, ndasokonezeka, ndayambiranso.
Pambali pa Akamwiniatsatana pali kautsi,
ngati wina akuwotcha makala kutaliko
kumene a zankhalango safikako.
Mwezi umene ndinkauyesa mbale yosalala
uli ndi maenje kuposa msewu wa kwathu ku Thavite mvula ikatha.
Ndipo nyenyezi ija yonenepa, yosaphethira,
kani ili ndi tiana!
Dzulo tinali tinayi pamzere, lero titatu.
Kamodzi kapita kuti usiku uno?
Ndani wakatuma?

A Chimphepo, eni chigayo, anandipeza Lachiwiri khosi lili m'mwamba.
"Ndimakulipira kuti uziyang'ana pageti, osati kwa Mulungu."
Sananame.
Koma geti ndaliyang'ana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
ndipo silinaswanepo,
likadali limodzi, ndi dzimbiri lake lomwe lija.
Ndimaliyang'anabe. Khutu lili pansi, pa unyolo ndi pa galu,
maso okha ndiwo amaba kanthawi.

Mwana wanga Tionenji wati Loweruka ndipite nawo kunyumba.
Ali Fomu 2, amadziwa maina amene ine sindingatchule.
Ndinamuona akulowetsa ulusi pasingano kamodzi kokha,
dzanja lili nji, osagwedera.
Sindinamuuze kanthu.
Koma pobwerera ndinadzera kuseri kwa depoti
kukaona ngati chimphona chija chikadalipo,
ndipo ndinafunsa mtengo
ngati munthu wongodutsa.